Mkamwana Amene Anaweruza Ali Kuseri kwa Khoma

Ku Vinthukutu ukafunsa za Ireen, anthu amangoloza ndi mlomo nyumba ya kumapeto. Ndi mayi woumba mbaula zadothi, zija zosadya nkhuni zambiri. Ntchitoyi anaiyamba chaka chimene madzi osefukira anakokolola munda wake wa chinangwa, phiri litametedwa mpala ndi owotcha makala. Amayi anzake anamusankha kukhala wapampando wa komiti yoteteza nkhalango, poti mayiyu sadziwa kubisa mawu kukhosi. Amuna ankangoseka, ati tione ngati atafike nazo patali.

Mwamuna wake, Lyson, ali ku Joni, ndipo amaimba foni akakumbuka. Choncho Ireen amakhala yekha ndi ana pakati pa abale a mwamuna. Kumeneko mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzipo, sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, ngakhale dzina lawo salitchula. Mwambo umenewu Ireen sanauphonyepo.

Tsiku lina alonda a nkhalango anagwira munthu pa uvuni wa makala. Anali a Wallace, apongozi ake omwewo. M'mawa mwa tsiku la mlandu, apongozi aakazi anafika pakhomo.

"Mwana wanga, udwaleko lero," anatero. "Aweruze ena."

Ireen ankadziwa kuti akadwala, enawo achita manyazi n'kuwamasula akuluwo, ndipo mawa lake nkhwangwa zonse za m'mudzi zikwera phiri. Komanso mwezi wapitawo anali atalanda nkhwangwa ya mayi wina wamasiye. Akanamuyang'ana ndi nkhope yanji?

Anthu anasonkhana m'kalasi ya pasukulu, ambiri kudzaona mmene mkamwana angaweruzire munthu amene saloledwa kumuyang'ana. Ireen ananyamula mpando wake n'kukakhala panja, kuseri kwa khoma, atafunda chitenje kumutu. Mawu ake analowera pawindo.

"Agogo a ana anga andikhululukire. Uvuni uphwasulidwa, nkhwangwa itsala kuno, ndipo mvula ikagwa abzala mitengo monga anachitira ena."

Kenaka a Wallace anatsokomola, nati kwa amene anakhala nawo pafupi, "Muuzeni mwana wa eniyo kuti ndamva."

Mwana wa eni! Munthu wowabalira zidzukulu.

Mitengo anabzaladi akuluwo, ndipo utsi wa makala unachepa m'phirimo. Ireen anayamba kuitanidwa ku Boma kukalankhula m'misonkhano, anthu ovala bwino n'kumamuwombera m'manja. Koma m'manja mwa alendo simulima munda.

Nthawi yolima itakwana, anafulula thobwa lodzaza ndowa n'kutumiza uthenga kwa abale onse kuti abwere ku dima, monga amathandizirana chaka chilichonse. Anakhala pamutu pa munda, makapu atatsukidwa, akuyang'ana kunjira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kenaka anavundikira ndowa ija, natenga khasu, n'kuyamba mzere woyamba yekha.