Mendulo ya M'chitini cha Mabatani

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anabereka Tadala, mwana wachinayi m'nyumba mwathu ku Girrawheen, kudziko lachilendo kutsidya kwa nyanja. Ine Mphatso, woyamba kubadwa, ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, msinkhu umene munthu umamva theka la nkhani n'kuthamanga nalo ngati yonse. Amayi anali namwino kuchipatala chachikulu cha ku Nedlands, ntchito imene anaikhetsera thukuta zaka zitatu, uku akusambitsa okalamba, uku akulemba mayeso. Abambo ankagwira kumigodi, milungu iwiri kutchire, umodzi kunyumba, ndipo ankabwerako ndi maganizo ambiri. Ulendo umenewu anabwera ndi akuti ana anayi ndi ntchito yokwanira, amayi asabwererenso kuchipatala tchuthi cha uchembere chikatha. Amayi ankangotsuka mbale zoyera kale.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala agogo Hilda, mayi wa ku Jeremani woonda ngati bango. Amayi ankawatumizira zitumbuwa, iwo n'kubweza mbale ili ndi keke ya maapozi. Tsiku lina ndinatumidwa kukapempha mabatani a kajuzi ka mwana. Agogo anatulutsa chitini chonunkha mafuta a makina osokera. Nditawauza kuti tsopano tilipo anayi, anaseka chapakhosi, nati kwawo kale mayi wa ana anayi ankapatsidwa mendulo. Anaivuula pansi pa mabatani: kamtanda kabuluu, m'mbali moyera, pakati pake popalidwapalidwa. Ana anayi inali yamkuwa, asanu ndi mmodzi yasiliva, asanu ndi atatu yagolide. Ankati apitirize, foni yawo n'kulira. Ine ndinangonyamula chitini, liwiro la kunyumba.

Abambo ataiona, nkhope inawala. Anali mkulu wa mpingo, ndiye chilichonse chokhala ndi mtanda ankachikhulupirira osafunsa kumene chachokera. "Mwawaona azungu akale? Ankadziwa kulemekeza mayi wa pakhomo," anatero. "Mayi anga anabereka khumi ndi mmodzi. Akanalandira yagolide, yamkuwa n'kukhala banyira."

Loweruka lake Amalawi anabwera kudzaona mwana, popeza anali atatuluka m'chikuta. Kunatentha ngati mu uvuni, ntchentche zili ng'waa pa nyama yootcha kuseri, azimayi a ku Maddington akukupiza mphepo ndi mbale zapepala. Abambo okha anali m'suti. Anaombera m'manja kuti anthu akhale chete, nalankhula kuyambira kwa Hava mpaka kwa mayi awo, kenako anatulutsa mendulo ija ataimangirira kansalu ka pa mphatso ya Khirisimasi. Anawaveka amayi m'khosi, nalengeza kuti kuyambira lero asiya ntchito ya anthu, alowa ntchito ya Mulungu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Amayi ankayang'ana pansi, ndipo ine ndinayamba kumva chisoni osadziwa chifukwa chake.

Apa m'pamene abambo anadzitchera okha msampha. Kwathu pamwambo wotere, wamkulu woposa onse amapereka malangizo, ndipo akayamba sadulidwa. Wamkulu tsikulo anali agogo Hilda, amene anali atangolowa ndi keke yawo n'kukhazikidwa pampando wabwino. Abambo anawapempha mwaulemu kuti eni mendulo alankhulepo.

Agogo anaimirira, nayang'ana khosi la amayi nthawi yaitali. Analankhula m'Chingerezi chawo cholimba chija, mosafulumira. Anati mendulo inali ya mayi awo, amene anali dokotala wa ana. Litalowa boma la mkulu uja wa kandevu pansi pa mphuno, amene anayambitsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akazi okwatiwa anauzidwa kuti asiyire amuna ntchito, iwo akabereke ndi kuphika. Mayi awo anatsekera zida zawo m'kabati, chomvera kugunda kwa mtima chija n'kumangochigwiritsa ntchito pa ana awo akagwidwa chimfine. Atakwanitsa anayi anawaveka mendulo, anthu akuwomba m'manja ngati leroli. Boma linkafuna anawo kuti akule akamenye nkhondo, ndipo mchimwene wamkulu wa agogowo anapita asanamere ndevu, osabwerako. Pakati pa mtandapo panali chizindikiro cha bomalo, mayi awo anachipala ndi mpeni wosendera mbatata. "Anaiponya m'mabatani," anatero agogo, "kuti iphunzireko kwa zinthu zimene zili ndi ntchito."

Abambo anali atazindikira boma limene amalitamanda mlungu wonse, ndipo thukuta linali kamukamu mpaka m'tayi. Kudula mawu sakanatha, poti anawaitana okha. Mkulu wina wa ku Zambia amene ankaphunzira za miyala anangoti chapansipansi, "Mwaona manje," n'kubwerera ku nyama yake.

Amayi anavula mendulo ija, nagwada pamaso pa agogo, naipereka ndi manja awiri. "Malangizo tamva, agogo. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa akoma lero lomwe." Ali chigwadire anatembenuka. "Si choncho, bambo a Mphatso?"

Abambo anayang'ana alendo, anayang'ana keke, nati, "Ndi choncho."

Tchuthi chitatha amayi anavala yunifolomu yawo n'kukwera basi. Ine ndinatsuka mbale mlungu wathunthu chifukwa chobweretsa theka la nkhani, ndipo sindinadandaule. Abambo anaphunzira kubereka mwana kumbuyo, ngakhale ankatero makatani atatseka. Masiku ano akamacheza ndi alendo amati iwo ndi amene analimbikitsa akazi awo kuti asasiye unamwino, ndipo tonse timangovomera.

Zinthu zasintha. Agogo Hilda anatisiya, pamalo pa nyumba yawo pali tinyumba titatu topanda maluwa. Chaka chatha nditabereka mwana wanga woyamba, palibe amene anafunsa ngati ndibwerere kuntchito, ankangofunsa tsiku. Amayi akundithandiza kumusambitsa ndinawakumbutsa za mendulo, ndikuyembekeza kuti tiseka. Anaseka pang'ono, kenako anati tsiku lija kalata yosiyira ntchito inali kale m'chikwama mwawo, yosayina, ikungodikira Lolemba.