Ababa avalira nyale jekete

Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno mutu waima, tamvani za ababa.

Nyale yowala kwambiri ija munatumiza achemwali kuchokera ku Joni inafika dzulo. Paja adokotala anati azikhala nayo pafupi m'mawa, mwina angasiye kugona masana n'kumayendayenda usiku, mutunso n'kukhazikikako. Ndiye lero atamwa tiyi ndawayatsira pa tebulo.

Kungoiona, ati, "Jekete yanga ili kuti?" Ndawapatsa. Afunanso chipeso. Kenako akhala tsonga, manja pa mawondo, chibwano m'mwamba, osaphethira. Kani iwo akuyesa ali ku situdiyo, akujambulidwa!

Chandisokoneza n'ichi. Mukudziwa kuti chichokereni Khirisimasi, ababa amangowatchula amayi kuti "mzimayi wobwera uja". Koma lero atembenuka n'kuwaitana ndi dzina lawo kuti, "Anangozo, bwerani muime apa, mundigwire phewa." Amayi asiya mbatatesi zimene amasenda, akaima pomwepo manja ali onyowa, misozi ili mbwembwembwe. Nditazimitsa, ababa andithokoza mwaulemu n'kundifunsa kuti chithunzi chituluka liti. Ine mwana wawo sanandizindikire, ndasanduka wojambula.

Tsono sindikudziwa, kaya nyaleyi yayamba kugwira ntchito, kaya ndi matendawa akukula. Panopa ali mtulo pa mpando, masana omwe tikulimbana nawo aja, jekete ili m'thupi.

Achimwene, achemwali, mukuti bwanji? Mawa ndiwauze ababa zoona kuti ndi chithandizo chabe, kapena ndingokhala chete? Yankhani msanga, chifukwa amayi asita kale diresi yawo ya ku tchalitchi.