Basela wa Mchere ku Clondalkin

Ndinagwira ntchito zaka zitatu m'kashopu kogulitsa zinthu zowetera nsomba za m'nyanja ya mchere, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu ku Clondalkin, dera la mumzinda wa Dublin ku Ireland. Sizinali nsomba zandiwo ayi. Tinali tinsomba tamawangamawanga tosunga m'matanki agalasi pabalaza, toti kamodzi kokha mtengo wake ungadyetse banja sabata yathunthu. Ine ndinkaziona ngati misala ya anthu okhuta, koma misala imeneyo ndi imene inkandilipirira lendi, ndiye ndinkatseka pakamwa.

Mwini shopu anali bambo wachikulire wa ku Ireland komweko, wosalankhulalankhula, woyenda ndi pensulo kukhutu. Tsiku loyamba anandiphunzitsa mitengo. Pa tinsomba ndi tizamoyo ta m'matanthwe a pansi pa nyanja ankaika mtengo kawiri kapena katatu kuposa umene anagulira, chifukwa tina timafera m'njira, tina timafera m'thanki tisanagulidwe. Koma pa mchere wosungunula m'madzi a nsombazo phindu linali lochepetsetsa. Anthu ankauona wotchipa pa intaneti, moti ukangokweza pang'ono kasitomala wathawa. Unkabwera m'zidebe za makilo makumi awiri, ife n'kumauyeza pasikelo m'timatumba kwa ofuna wochepa.

"Chidebe ichi," anatero bwanayo akuchigunda ndi nsapato, "pafupifupi chonse ndi cha amene anatigulitsa, cha a galimoto ndi cha boma. Athu ndi makilo awiri omalizira pansi."

Ndinagwedeza mutu. Makutu anamva, koma manja anga sanamve.

Ine ndinakulira pabenchi ya mayi anga mumsika wa Limbe, pogulitsa nyemba ndi mpunga. Kumeneko munthu akagula sum'patsa zokwanira ndendende ngati mukudana. Umatapa kadzanja n'kuwonjezera basela, kuti mawa asapite kwa mnzako. Choncho sikelo ikafika pa kilo, dzanja langa linkabwerera lokha m'chidebe n'kuthiranso pang'ono. Makasitomala ankamwetulira, ine n'kumadzitama mumtima kuti bizinesi ndikuidziwa kuposa mwini wake.

Chaka chachiwiri, mwini nyumba imene ndinkachita lendi ku Rathmines anatilembera kalata yoti akuigulitsa. Ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Nthawi imeneyo kufuna nyumba mu Dublin kunali kochotsa ulemu. Unkapeza mzere wayambira pakhomo mpaka pamsewu, aliyense atakumbatira envulopu ya mapepala, anamwino, ophunzira, ena ovala masuti, tonse kulimbirana kachipinda kachinyezi. Patatha miyezi iwiri ndikukanidwa, mayi wina wa ku ofesi yobwereketsa nyumba anandiuza kuti kanyumba kena ku Clondalkin kangakhale kanga ndikabweretsa kalata ya bwana pofika Lachisanu masana. Kalatayo inene zinthu ziwiri: kuti ntchito yanga ndi yokhazikika, ndiponso kuti ndine wokhulupirika. Bwana anavomera osavuta, anati alemba Lachinayi.

Lachitatu m'mawa ndinam'peza atandandalika zidebe zopanda kanthu pansi, kope lili m'manja.

"Mchere ukusowa," anatero. "Chidebe chilichonse chikutulutsa makilo khumi ndi asanu ndi atatu basi. Ndakangana ndi otigulitsa, ndasintha sikelo, palibe chasintha. Mawa ndikhala pansi ndione kamera."

Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinadziwa kumene makilo awiriwo ankapita, ndipo ndinakumbukira kuti ndi awiri omwe aja anawanena tsiku loyamba. Tsiku lonselo ndinayeza mchere dzanja lamanja ndikuchita kuligwira kuti lisabwerere m'chidebe. Ndinachita mantha amene sindinawachitepo chibwerere m'dziko muno. Ndinali mayi wakuda m'shopu ya mzungu, mapepala anga okhalira ankawonjezeredwa chaka ndi chaka, ndipo kamera inali itandijambula miyezi yonseyi ndikupereka katundu wa mwini wake kwaulere. Mawu oti wakuba ankangondilira m'mutu.

Poweruka, ndili m'basi, ndinaimbira foni achemwali anga a ku Tyrrelstown, mu Dublin momwemo, amene amasamalira okalamba.

"Iwe, basela ku Ireland?" anatero. "Kuno amawerenga ndi ma cent omwe. Tamvera, mawa ufike early, umuuze wekha boss wakoyo asanatsegule camera. Akayamba kuona yekha, imeneyo ndi nkhani ya police."

"Nanga letter ija, achemwali? Friday ndi mkucha."

"Letter tiiona. Iwe yamba wapulumutsa dzina."

Lachinayi ndinafika shopu isanatsegulidwe. Ndinam'peza bwana akudyetsa nsomba. Ndinatenga katumba, ndinayeza kilo, kenako ndinatapa kadzanja n'kuthirapo iye akuona. Ndinati kwathu timatero, ndipo ndi mmene mchere wake wakhala ukusowera.

Anayamba kundifunsa.

"Ndi anzako anthu umawawonjezerawa?"

"Ayi bwana, aliyense wogula."

"Amakupempha?"

"Ayi."

"Nanga iwe umapezapo chiyani?"

"Palibe. Ndimafuna azibweranso."

Ndinaona kuti yankho limeneli lamusokoneza kuposa mmene kuba kukanamusokonezera. Wakuba akanamumvetsa. Anatsegulabe kamera ine nditaima pambali pake, ndipo tinaonera limodzi dzanja langa likutsika m'chidebe, Lolemba, Lachiwiri, sabata yatha, ine pagalasipo ndikusekerera ngati ndikugawa mphatso paukwati. Ndinadzida. Ndinakwiyiranso makasitomala aja, anthu a magalimoto akuluakulu, amene ankalandira basela kwa chaka ndi theka osanenapo kanthu.

Bwana anachotsa pensulo kukhutu, anawerengera pakope, n'kuiika pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anati chiyambireni ine kugwira sikelo, mchere wa m'timatumba wakhala ukungomudutsa m'manja osasiya kanthu, pamene nayenso lendi ya shopu anamukwezera.

"Sindikuganiza kuti ndiwe wakuba," anatero. "Koma sindikudziwa choti ndichite nawe. Ndipatse nthawi."

Ndinafunsa za kalata. Manyazi ndinali nawo, koma mwana wanga anafunika pogona.

"Ndikhoza kulemba kuti umagwira ntchito pano," anatero. "Zoti ndi yokhazikika sindingasaine lero, chifukwa inenso sindikudziwa. Enawo mawu oti ndiwe wokhulupirika, undidikire mutu ukhale m'malo."

Ndinafuna kugwada, monga ndikanachitira kwathu, koma ndinadziwa kuti ndingomuchititsa manyazi n'kuipitsiratu zinthu. Ndinalandira kalata ya mizere iwiri.

Lachisanu ndinapempha ola limodzi n'kupita nayo ku ofesi ija. Mayi uja anaiwerenga, anaitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli mawu ena, n'kuiika pansi pa envulopu ya munthu wina. Anati andiimbira. Ndinagwira foni m'manja Loweruka ndi Lamlungu lonse, ngakhale m'tchalitchi, koma sinalire.

Ntchito sanandichotse. Anangondisuntha pasikelo n'kundiika kotsuka matanki, ndipo patatha masabata atatu anandibweretsera yekha kalata yonse, yotamanda mpaka kunsi kwa pepala. Ndinathokoza ndi manja awiri. M'kanyumba kaja munali mutalowa kale anthu ena.

Mwezi utatha tinanyamula zikwama zathu kupita ku Tyrrelstown, kwa achemwali, m'nyumba ya zipinda ziwiri mmene munali kale anthu asanu. Titalowa, mwana wanga anazungulira nyumba yonse, anabwerera n'kundifunsa m'Chingerezi kuti chipinda chake ndi chiti. Ndinamulozera mpata wa pakati pa sofa ndi khoma.