Mango a aZulu

Ndikamva fungo la mango oyamba kuwola ndimakumbukira aZulu, aneba athu ku Kakumbi, atagwada pansi pa mtengo wawo, malaya ali chonyowa ndi thukuta, akutola zipatso njovu zisanadutse. Anatsika kuchokera ku Chipata ndi akazi awo, amake Tisa, ndipo chaka chimenecho mayiwo anagonekedwa kuchipatala kutali, mango akungoyamba kupsa.

“Awa ndisungira amake Tisa,” aZulu anawauza amayi anga.

“Kutentha kuno, aZulu? Adzapeza nthangala zokhazokha.”

Sanamve. Ena anawakwirira mumchenga wa kumtsinje, ena muphulusa, ena anawapaka phula la kandulo, ndipo ife ana tinkangozunguzika, chifukwa lero ankatikalipira kuti mango sayenera kuona dzuwa, mawa lake n’kutituma kuti tikayanike odulidula padenga la malata, tizithamangitsa anyani ndi ntchentche. A mumchenga anawola. A muphulusa anada ngati makala. Mvula itayamba, otsalawo anawapachika pamwamba pa moto m’khitchini, nyumba yonse n’kumanunkha utsi wosakanikirana ndi shuga wopserera. Tsiku lina ndinawapeza akulankhula ndi lichero, ndipo ndinathawa.

Amake Tisa anabwera mango atatha m’mitengo yonse, ataonda, akuyenda chogwirira khoma. AZulu anawakhazika pamphasa n’kuwaikira patsogolo kambale ka tizidutswa tofiirira, tokwinyika. Mayiwo anayang’ana tizidutswato nthawi yaitali.

“Atate ake Tisa, mwaiwala? Ine mango amanditupitsa milomo.”

“Sindinaiwale,” anayankha aZulu.

Ndinayembekeza mkangano, koma panalibe. Mayiwo anatenga kachidutswa kamodzi, nakanunkhiza, nakamanga pangodya ya chitenje chawo, ndipo aZulu anatuluka kukawaza nkhuni zomwe zinali zowazawaza kale. Nditawafunsa amayi anga chifukwa chimene munthu angavutikire chonchi ndi chakudya chimene mwini wake sadya, anangoti, “Pita ukatunge madzi.”

Lero ndimayanika mango anga mwaukhondo, n’kumagulitsa kwa alendo kufupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe. Ndikudziwa kukula kwa kachidutswa koyenera, ndi mandimu oti asade. Mwamuna wanga atadwala chaka chatha, ndinakhala ndikudula mango mpaka zala zinachita matuza, ngakhale panalibe woti agule. Mwana wanga wamkazi anandifunsa kuti ndi a ndani onsewa. Ndinangoti, “Pita ukatunge madzi.”