Duwa Limene Amake Tisa Analichiritsa

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene abwana anga a kumayadi ku Kabulonga anagulitsa nyumba, ogula n'kuthira simenti pa kapinga yense amene ndinkameta kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Munthu wa m'munda akakuthirira simenti, ntchito yatha, sudikira kuti achite kukuuza. Ndinabwerera ku komboni yathu ya Kanyama wapansi ndipo ndinapeza akazi anga, amake Tisa, akukazinga vitumbuwa vogulitsa pakhomo.

"Amake Tisa, ine niyenda ku Joni."

Sanatembenuke n'komwe. "Pa msinkhu wanu uyu? Ku Joni bafuna nkhalamba za chani?"

"Maluwa sayang'ana imvi."

"Yendani. Koma mukapeza kamkazi kumeneko, mukakauziletu kuti mumaliza mkonono, kasathawe usiku woyamba."

Kumeneko kunali kundilola. Amene sadziwa akazi a ku Katete, kwawo kwa amake Tisa, angaganize kuti anandinyoza.

Ananditenga ndi ba Chanda, mneba wathu wa ku Ndola amene amayendetsa lole pa msewu wa kum'mwera. Ntchito ndinaipeza pa nazale ina ya maluwa kunja kwa mzinda, ya mayi wachizungu amene tonse tinkangomutcha Madamu. Panali nyumba zazitali za pulasitiki, zofunda mkati ngati m'khwapa, ndipo m'nyumba ya kumapeto, imene inkakhala yokhoma, ndi mmene ndinakumana ndi duwa lija. Ndikuti duwa chifukwa kwathu chilichonse chobzala m'chitini chimene sichidyedwa ndi duwa. Dzina lake ndi monisitera. Ine sukulu ndinalekera pamene ticha anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo, koma dzina limeneli ndinaligwira tsiku lomwelo.

Monisitera wobiriwira kumeneko ndi wamba, umamupeza ngakhale pomwetsera mafuta galimoto. Koma uyu anali wina. Tsamba lake lalikulu ngati lichero, long'ambika m'mbali, lamabowo pakati, ndipo theka lobiriwira, theka loyera ngati wina watayirapo mkaka. Palibe masamba awiri ofanana. Latsopano limatuluka lopichiridwa ngati fodya wa agogo, n'kumatambasuka pang'onopang'ono, lofewa ngati khutu la khanda, ndipo iwe umangoima pamenepo kudikira kuti uone kuti mkaka wagwera mbali iti. Pa tsinde pamatuluka mizu yolendewera m'mwamba, imafufuza ngati ndodo ya wakhungu, ikapeza mtengo imagwira osasiya. Ukalimana chokwerapo limanyanyala, masamba amakhala aang'ono opanda bowo. Ukalipatsa mzati wonyowa limakwera ndi kunyada. Anthu ankabwera ndi magalimoto aakulu kudzagula kamphukira kamodzi, n'kukamanga lamba pa mpando ngati mwana.

Za ndalama ndinene mosabisa. Ndalama ya ku Joni ili ngati ayisi, ukamaitumiza ndi chibuma, ikamafika ndi kadontho. Mwezi ukatha ndinkatumiza pa foni, ina ku sukulu ya Tisa, mwana wathu womaliza, ina ya malata, ina ya maliro a abale amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Ine ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa nazale, ndipo kuzizira kwa Juni kumeneko kumalowa m'mafupa ngati kuli ndi kiyi. Ku tauni sindinkapitako kawirikawiri, chifukwa ukangotsegula pakamwa anthu amadziwa kuti ndiwe wobwera, ndipo si onse amene zimawasangalatsa. Lamlungu anzanga akapita kwawo ndinkalowa m'nyumba yokhoma ija n'kumapukuta masamba ndi kansalu konyowa, uku ndikuwayankhula Chinyanja. Maluwa amenewo lero akudziwa mbiri ya Kanyama yense, amene anaba mbuzi ya ndani, amene anakwatira ndi suti yobwereka.

Chaka china pa Khirisimasi Madamu anandipatsa mphatso: kachidutswa ka tsinde ka mfundo imodzi, muzu umodzi, ndi tsamba limodzi loyera theka. Pamenepo mutu wanga unayamba kuthamanga. Ndinati kapite ku Kanyama kakakule, ine pobwerera ndizikadula mfundo n'kumagulitsa kwa anthu a kumayadi, ukalamba wanga ndiudye nditakhala pa mpando. Penshoni yanga inali imeneyo, ina ndinalibe. Ndinakakulunga m'nyuzipepala yonyowa, n'kukaika m'kabokosi ka ayisikilimu, ba Chanda n'kukanyamula pambali pa giya.

Cholinga changachi sindinawauze amake Tisa. Akazi anga ndi munthu wabwino, koma chinsinsi chimawatentha mkamwa ngati mbatata ya pamoto, ndipo Lachinayi lililonse ali ndi msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Ku Kanyama amaba beseni zovala zili momwemo, nanga akamva kuti m'nyumba mwa ine Banda muli tsamba logula njinga? Ndinangoti, "Ni duwa langa, nilikonda, lisamaleni."

Kuyambira pamenepo mafoni athu anasanduka sukulu. Foni yawo inali ya mabatani, yosajambula, choncho maso anga anali pakamwa pawo.

"Amake Tisa, duwa lili bwanji?"

"Muziyamba kufunsa ngati ine nili moyo."

"Muli moyo, namva mau. Dothi munasakaniza na makala na makungwa monga ninakambila?"

"Nasakaniza."

"Musaliike pa dzuwa, likhale pafupi na windo chabe. Madzi musathile daily, lowetsani chala, ngati pamwamba pauma ndiye thilani. Mupeze mtengo, muukulunge saka, muziinyowetsa, likwelepo."

"Atate ake Tisa, bana banu bonse ninalela neka, simunaniuzepo ati lowetsani chala."

Zoona zake n'zakuti ndinkaimba kuti ndimve mawu awo. Koma mwamuna wa msinkhu wanga sanganene pa foni kuti ndakusowani, lilime limakana. Ndiye ndinkafunsa za duwa, iwo n'kumandizazira, ine n'kugona bwino.

Tsiku lina anati, "Duwa lanu linabwela na matenda, koma musade nkhawa, niliyesa." Ndinaganiza kuti ndi kufota kwa ulendo, ndinawauza kuti achepetse madzi. Patapita miyezi anati, "Layamba kuchila." Ndinavina ndekha pakati pa miphika, mpaka mnzanga wa ku Mozambiki anafunsa ngati ndalandira mdzukulu.

Nkhani ya madzi osefukira sanandiuze ndi iwo, ndinaimva kwa ba Chanda. Amene amadziwa Kanyama amadziwa kuti mvula ikakwiya madzi sagogoda. Chaka chimenecho analowa m'nyumba mpaka m'mawondo, anthu n'kuthawira ku tchalitchi ndi zimene akanatha kunyamula. Ena anasenza matiresi, ena ma TV, ena thumba la ufa. "Koma bakazi banu, ba Banda," anatero ba Chanda akupukusa mutu, "banasenza chidebe cha duwa pamutu, mtengo wake uli njo kumwamba monga eliyo ya TV. Komboni yonse inaseka. Matilesi banasiya yayandama." Ndinaseka nawo, kenako ndinapita kuseri kwa thanki kukapukuta m'maso, chifukwa kunali fumbi.

Ndinabwerera kwathu mawondo atayamba kulira pokwera makwerero. Madamu anandigwira chanza, ine n'kukwera basi ndi sutikesi imodzi ndi bulangete la amake Tisa. Njira yonse ndinkawerenga mfundo m'mutu. Duwa la zaka zonsezi, ndinkati, likhala ndi mfundo zokwanira kudyetsa nkhalamba ziwiri mpaka kumanda.

Kanyama ndinamupeza atasintha malaya. Pamene panali bwalo pali mashopu, pamene panali njira pali mpanda, ndipo anyamata a pa siteshoni anandifunsa kuti, "Ba mudala, mufuna kwa bandani?" ngati ndine mlendo. Nyumba yanga ndinaizindikira ndi mtengo wa mango, koma mangowo anali atavala. Kuyambira pansi mpaka m'nthambi munali monisitera, tsinde lonenepa ngati dzanja langa, mizu italendewera ngati zingwe za belu, masamba aakulu oti mwana n'kubisalako mvula. M'zaka zanga zonse za pa nazale sindinaonepo wotere. Pansi pake panali mthunzi wozizira, ndi amayi atatu atakhala pa benchi akudikira vitumbuwa.

Ndinaika sutikesi pansi. Ndinazungulira mtengo. Ndinayang'ana tsamba ndi tsamba, mpaka khosi linawawa. Onse anali obiriwira bii, opanda ngakhale kadontho koyera.

Amake Tisa anatuluka akupukuta manja pa chitenje. Anali atachepa thupi, imvi zitatulukira pansi pa duku, koma mayendedwe ndi omwe aja a munthu amene sanabwerekepo mchere. Sanandikumbatire, ife si a pa TV. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, kenako analoza kumwamba ndi chibwano.

"Mwaona? Kulibe banga olo limodzi."

Ndinayang'ananso m'mwamba. "Nanga... voyela vija?"

"Matenda yaja? Yananivuta, atate ake Tisa, simungadziwe. Kwathu chimanga chikachita mizele yoyela timazula, koma ili ninati ni la bamuna banga, sinizula. Tsamba likatuluka loyela, nadula na leza. Mphukila ikabwela yoyela, nadula. Chaka chathunthu nikulimbana nalo, mpaka inatuluka imodzi yobiliwila bwino, ndiye iyi."

"Vodula vija munaviika kuti?"

"Pa mbaula. Nisiye matenda yafalikile ku mango?"

Anapitiriza kufotokoza, nkhope ikuwala. Litachira linakula mpaka kugunda malata, masamba n'kuyamba kupsa ndi kutentha, ndiye analitulutsa. Anasanja matayala akale patsinde pa mango, n'kudzazamo dothi kuti madzi a mvula asalifike, ndipo ankalithirira madzi otsukuluzira zovala. "Mabowo chabe ndiye yananikanga. Nafunafuna mphutsi yake, nathila phulusa, kulibe. Nangoyasiya."

Ndinakhala pa sutikesi. Penshoni yanga inapsa pa mbaula, pansi pa vitumbuwa. Ndinayamba kuseka, kuseka kwake kosatha, misozi ili chuchuchu, amayi a pa benchi n'kumati, "Yaba, ba Banda bakondwela zoona."

Ndinawauza madzulo alendo atapita. Ndinafotokoza za nyumba yokhoma, za magalimoto, za lamba wa pa mpando, ndi kuti duwa likabwerera ku ubiriwiri nthawi zambiri mkaka subwereranso. Anayang'ana manja awo. Ndinkayembekeza kulira kapena mkuntho. Anangofunsa motsitsa.

"Ndiye bazungu bagula lodwala?"

"Si lodwala. Ndiye kukongola kwake."

"Likula msanga?"

"Iyayi. Poyela sipapanga chakudya, likula pang'onopang'ono."

"Ndiye lodwala." Anakonza duku. "Zaka zonse izi, foni iliyonse, madzi, makala, saka. Vonse munanena. Chimene munali kufuna cheni cheni ndiye simunanene. Ndimwe bamuna ba bwanji imwe?"

Ndinayankhula Chinyanja changa chonse kwa maluwa a eni ake ku Joni, munthu wosenza chidebe m'madzi ndinkangomupatsa malamulo.

Anadzuka, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi chinthu chokulunga m'pepala. Chinali ngati chisononkho cha chimanga chobiriwira, chokutidwa ndi timamba, ndipo timamba ta kumunsi tinali titayamba kugwa tokha. Fungo lake linadzaza pakhonde.

"Ichi n'chani?"

"Mwana wa duwa lanu. Simumudziwa?"

Ndinamvapo kuti monisitera amabala, koma ndinkayesa nkhani za azungu zokometsera malonda. Athu a pa nazale ankagulidwa adakali ana, ndipo ndinapukuta masamba awo zaka zonsezo osaona chipatso ngakhale chimodzi. Amake Tisa anati chimatenga pafupifupi chaka kuti chikhwime. Choyamba anachiluma chisanapse, lilime linayabwa ngati adya chitedze, anatsala pang'ono kulidula duwa lonse ndi nkhwangwa. Kenako anazindikira kuti umadikira timamba tigwe tokha, n'kudya pokhapo pamene pavundukuka, kwinako mawa.

Anakowola ndi supuni n'kundipatsa. Kukoma kwake kunali kwa nthochi imene yakwatiwa ndi chinanazi, ukwati wake wa mtendere. Ndinatseka maso.

"Loyela lija," anafunsa, "linabalako?"

"Sininalionepo."

"Mm." Anandilanda supuni, anakowolanso, koma ulendo uno anadya okha. "Mawa mukwele mu mango, kuli vina viwili pamwamba. Ine nakwela mokwana."

Mawondo anga analira makwerero onse, koma ndinakwera.