Manambala ndagawa ndine

Mwaswera bwanji nonse.

Ine lero ndachita zochititsa manyazi. Madokotala odzipereka ochokera kunja aja anabwera kutchalitchi kwathu kuno ku Malomo kudzaona odwala mwaulere. Abusa anandipatsa ntchito yogawa manambala pakhomo.

Ndiye mukudziwa, ulemu. Manambala oyamba ndinapatsa akulu ampingo, kenako apongozi anga, amene vuto lawo ndi kamsana chabe. Ine mumtima ndimati ndikuchita bwino.

Mayi wina anatsika kuphiri akukankha njinga, atakwezapo amuna awo. Mwendo wa bambowo unali utatupa mpaka buluku anachita kuling'amba. Ine ndinawaona ndithu, koma ndinawapatsa nambala yakumapeto poti sindikuwadziwa. Pofika 4 koloko madokotala anatseka, iwo asanalowe.

Chikundiwawa n'chakuti pochoka mayiwo anandigwadira. Akuti, "Zikomo bambo, mwayesetsa."

Mawa madokotalawo ali ku Kasakula. Achimwene a Yohane, chonde mundibwereke njinga yamoto ija ndikawatenge bambo otupa mwendo aja m'mamawa, mudzi wawo ndafunsa kale.

Koma abale, ndikawauze kuti manambala abwino ndinagawira anthu anga, kapena ndingowanyamula mwakachetechete? Chifukwa akandigwadiranso, ine sindipirira.