Zaka Zinayi Zimene Bernardina Sankazidziwa

Bernardina Saize anayamba kuyendetsa galimoto zonyamula malasha mu 2011, nthawi imene anthu ankakhamukira ku Moatize kuchokera kulikonse. Anali mmodzi mwa akazi ochepa amene kampani ya mgodi inawatenga kukaphunzira ntchitoyo. Galimoto yake tayala lokha linali lalitali kuposa khoma la nyumba, ndipo pokwera ankachita kuyenda pa makwerero. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anatsika ndi kukwera m'dzenje lomwelo osachitapo ngozi. Tsitsi ankaluka mizere yothina kuti chisoti cholimba cha kuntchito chizikhala bwino pamutu.

Imvi anaipeza ndi Catarina, mayi woluka tsitsi pansi pa mtengo pafupi ndi njanji. Anali atamasula theka la mutu pamene manja ake anangoima.

"Mana Dina, mwabwera ndi mlendo."

"Nsabwe?"

"Ayi, imvi. Imodzi yokha, pamwamba pa khutu lakumanzere. Ndizule?"

Bernardina anati azule koma amupatse. Inali yaifupi, yolimba ngati waya, yoyera mbee kuyambira kumuzu. Anaiika pachikhatho n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Mantha analipo ndithu, chifukwa kuntchito amayeza maso chaka chilichonse, ndipo anali ataonapo amuna aimvi akuchotsedwa pachiwongolero n'kupatsidwa mbendera yoimitsira magalimoto padzuwa. Koma chimene chinamukhala kwambiri mumtima linali funso. Bilyete yake, chiphaso cha boma, inkati anabadwa mu 1984. Catarina anali wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, koma mutu uli bii. Kodi kwawo imvi zimafulumira? Mayi ake anamwalirira mumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, bambo ake sanawoloke n'komwe malire. Panalibe mutu wa kholo woti afanizire nawo.

Tsiku lopuma anakwera chapa, minibasi ya ku Zóbuè. Kutentha kwa Moatize kunatsala kumunsi, ndipo pofika kumapiri anafunda chitenje. Azakhali ake, a Laurinda, amene anamulera, anawapeza pamalo awo m'mbali mwa msewu kufupi ndi malire, akusanja mbatata ya kachewere m'ndowa.

Atalonjerana anafunsa, "Azakhali, bambo anga anali ndi imvi?"

"Wayenda ulendo wonsewu kudzafunsa zimenezo? Baltazar anafa mutu uli wakuda. Bwanji?"

Bernardina anafunyulula kapepala n'kuwaonetsa. A Laurinda anaseka mpaka mbatata zapamwamba zinagubuduka.

"Nanga umati zizidikira chiyani? Ine pamsinkhu wakowo zinali zitandiyamba kale."

"Pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi?"

A Laurinda anasiya kuseka. "Wa zaka zimenezo ndani?"

"Ineyo."

"Aa! Mwanawe, kodi sindinakuuze?"

Anamukhazika pathumba n'kumufotokozera. Atabwerera kuchokera ku Malawi mu 1994, mphunzitsi wina ankalemba ana pansi pa mtengo wa mango, ndipo mbiri inamveka kuti opitirira zaka khumi sawatenga m'kalasi loyamba. Bernardina anali ndi khumi ndi zinayi, koma njala ndi matenda a mumsasa zinamusiya wonyentchera, pachifuwa pali gwa.

"Ndinakumeta mpala, ndinakubwerekera kadiresi, n'kunena kuti uli ndi khumi. Mphunzitsi analemba, basi zinakhala choncho m'mapepala onse. Ndimati ndidzakuuza ukamaliza sikola. Kenako ndinaiwala kuti sukudziwa."

Bernardina anafunafuna mkwiyo mumtima mwake osaupeza. M'malo mwake munabwera nkhuku. Kuyambira kale ankakumbukira akuyenda m'udzu wamame, atapanira nkhuku m'khwapa, dzanja lina atatseka mlomo wake kuti isalire. Aliyense amene anamuuzapo ankati analota, chifukwa mwana wa zaka ziwiri sangakumbukire tsiku lothawa nkhondo.

"Ndiye nkhuku ija inaliko?"

"Yamawanga. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, unakana kuisiya. Unaifinya mpaka inafika ku Malawi itafa. Tinadya, iwe ukulira."

A Laurinda anawonjeza kuti ngati sakukhulupirira apite kwa Inocência, mwana wa a Julião, popeza anabadwa sabata limodzi. Bernardina anapitadi. Anamupeza kudimba akuthirira kabichi, mdzukulu ali kumbuyo. Anacheza za mvula ndi feteleza, koma maso a Bernardina ankangoyenda pankhope ya mnzakeyo, pakhosi, m'manja, ndi pa imvi zimene zinkasuzumira pansi pa duku. Inocência anazindikira.

"Ukundiyang'ana ngati ufuna kundigula."

"Ndikudziona ndekha," anayankha Bernardina, n'kumuuza zonse. Inocência analowa m'nyumba n'kutulutsa chikalata chake cha ubatizo, chong'ambika m'mphepete. Panalembedwa 1980.

Pobwerera, chapa ikutsetsereka, anawerengetsanso moyo wake wonse. Denise, mwana wake woyamba, ankati anam'bereka akadali wamng'ono, komatu ayi. Galimoto anaikwera koyamba ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atafika pa mwamuna wake anaseka yekha mpaka wokhala naye pampando anamucheukira. Lúcio, wowotcherera zitsulo, anabadwa mu 1982, ndipo pa mkangano uliwonse ankamaliza ndi mawu akuti, "Ine ndinayamba kuona dzuwa."

Anamupeza pabwalo akukonza geti la munthu.

"Bambo a Denise, zimitsani kaye motowo. Dzuwa lija ndinayamba kuliona ndine."

Lúcio anamvetsera nkhani yonse magalasi akuda ali pachipumi. Anawerenga ndi zala kawiri.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira achemwali anga?"

"Eya."

"Amayi anga asamve zimenezi," anatero, n'kuyatsanso moto. Koma madzulo omwewo anatenga yekha madzi osamba n'kukamuikira kubafa, akunena kuti akuluakulu sanyamula ndowa.

Bilyete sanaisinthe. Anakafunsa, anauzidwa kuti pafunika mboni ndi maulendo angapo a ku Tete, ndipo anaona kuti pepalalo lingokhala ndi zaka zake, iye akhale ndi zake. Maso anayezedwa mu Novembala, anapezeka ali bwino. Chimene chinasintha ndi maulendo a ku Zóbuè. Mwezi ndi mwezi amakakhala pathumba la mbatata ndi kabuku, n'kumafunsa azakhali ake zinthu zimene ankaziyesa maloto. Nyumba ya chitseko chobiriwira inaliko. Galu wa miyendo itatu a Laurinda akuti sakumudziwa. Mwamuna wamtali amene ankamukweza paphewa kuti athyole mapeyala, ameneyo akuti anali Baltazar.